Mtanda wa ku Linga la Namwali

Galimoto ya polisi isanaime n'komwe, Sheila Muhiwa anali atatsegula kale chitseko. Pabwalo la nyumba ya alendo ya a Stoyan, m'munsi mwa phiri ku Likhubula, anthu anali atadzaza: operekeza alendo kuphiri, onyamula katundu, amayi ogulitsa nthochi, aliyense akukuwa zake. Chiperoni chinali chikuwaza kuyambira m'bandakucha, koma palibe amene ankaganiza zokausa.

"Mutulutseni timuone!"

"Watiyalutsa tonse ameneyo! Alendo azitikhulupirira bwanji?"

Sheila anali wapolisi wofufuza milandu, mayi wamfupi woyenda mothamanga. Anapenya dalaivala wake, Konsitabulo Alufeyo Nampeya, bambo waimvi wamapewa ngati chitseko.

"A Nampeya, imani pakhondepo. Wina asakwere masitepewo."

Pakhomo anakumana ndi mwini nyumba. A Stoyan anali mzungu wa ku Bulgaria amene anabwera kudzayala mipope ya madzi Sheila asanabadwe. Anakwatira mayi Agatha a pa Likhubula pomwepo, ndipo mkaziyo atamwalira, iwo sanachoke. Chichewa ankachiyankhula ngati anabadwira ku Thuchila.

"Luckson, woperekeza alendo anga kuphiri, ndamutsekera m'chipinda cha katundu," anatero, atatsamira ndodo. "Sikuti ndikumuzunza ayi, mwana wanga. Ndikuopa kuti awa angamuphe."

"Chabedwa n'chiyani, agogo?"

"Lowani muone."

Khoma lonse la pabalaza linali zithunzi zokhazokha. Nkhalambayo inaloza chachikulu: timanyumba tamiyala tofolera ndi matailosi ofiira, titaunjikana m'chigwa.

"Uwu ndi mudzi wathu, Sokolka. Nyumba zilipo, anthu ndiye anatha. Achinyamata onse anathawira kutauni, kwatsala nkhalamba, mbuzi ndi tchalitchi. Koma taonani pamwambapa."

Pamwamba pa mapiri ozungulira mudziwo panali zipupa zamiyala zogumukagumuka, zina zili chilili ngati mano a nkhalamba.

"Malinga a mafumu athu amakedzana, mfuti zisanabwere. Adani akatulukira kuchigwa, alonda a linga ili ankayatsa moto. A linga ilo akauona, nawonso ankayatsa, mpaka dziko lonse ladziwa kuti kwaopsa. Kwathu linga lotere timalitchula kuti kale. Nditafika kuno n'kumva anthu akuti kalekale, ndinati basi, ndafika kwa abale anga."

Anayesa kuseka, koma kuseka kunakana. Anatembenukira kabati yagalasi imene loko wake anali atakanulidwa.

"Munali kabokosi ka mkungudza umu. M'kabokosimo munali mtanda wamkuwa, kukula kwake ngati chala changachi, wobiriwira ndi ukalamba. Agogo anga anautola akulima m'munsi mwa linga. Mayi anga anandipatsa tsiku limene ndinkanyamuka. Tsopano anthu akwathu asandutsa sukulu yakale kukhala nyumba yosungiramo zamakedzana, ndiye Loweruka lino ndimafuna kuubweza ndekha. Ndi ulendo wanga womaliza umenewu, mwana wanga. Ndikafike chimanjamanja?"

"Munauona liti komaliza?"

"M'mawa, ndisanapite kumanda a mkazi wanga. Pobwera ndapeza chonchi. Nditakuwa, ndi pamene Luckson amatsika kuphiri ndi mlendo wathu, a Kalinde. A Kalindewo ndi amene anati aliyense asechedwe, kuyambira iwowo. Kabokosi tinakapeza m'chikwama cha Luckson."

"Nanga mtanda?"

A Stoyan anatambasula manja.

"Kopanda kanthu."

* * *

Prince Kalinde anali atakhala m'chipinda chodyera, mwendo pamwamba pa unzake, kamera yaikulu ili pachifuwa. Anali wosalala khungu, wonunkhira, ndipo anaimirira mwaulemu Sheila atalowa.

"Madamu, ine ndakhumudwa kwambiri. Ndimajambula zithunzi za malo okopa alendo, ndimachokera ku Lilongwe. Mnyamatayu wandiperekeza bwinobwino dzulo ndi lero. Sindimayembekezera."

"M'mawa uno munali kuti?"

"Ku Dziwe la Nkhalamba, ndi iyeyo. Onani, ndinaika ndi pa WhatsApp pomwe."

Anamuonetsa foni. Iye ndi Luckson anali atakolekana mapewa pathanthwe, mathithi akugwa kumbuyo kwawo. Chithunzicho chinatumizidwadi m'mawa womwewo.

"Nditumizireni chimenechi. Ngati munali limodzi, Luckson anaba nthawi yanji?"

"Mwina tisananyamuke. Ndinamusiya pano ndikuvala nsapato kuchipinda. Anyamata awa, madamu, manja awo ndi achangu." Anapukusa mutu. "Chomvetsa chisoni n'chakuti sakudziwa n'komwe chimene watenga. Chinthu cha ku Linga la Namwali, chokhala zaka mazanamazana, iye akachigulitsa ngati waya wamkuwa."

"Mungalole tikusecheni kachiwiri?"

"Ndi mtima wonse."

A Nampeya anasecha zikwama, matumba a jekete, ngakhale masokosi. Kenako anapita kugalimoto, Toyota yoyera, n'kutukula mipando, kutulutsa tayala lapadera, kugogoda zitseko. Anabwera akupukuta manja.

"Mulibe, madamu. Zovala, mawaya a kamera, ndi jumbo ya zinanazi basi."

"Mphatso ya ana," anatero Prince akumwetulira. "Ukachoka ku Mulanje wopanda chinanazi, kunyumba sakutsegulira. Ndingapite? Ndili ndi msonkhano ku Blantyre masana ano."

Sheila analibe chomugwirira. Anatenga nambala ya galimoto n'kumulola. Khamu lija linapatuka mwaulemu, ena mpaka kumupepesa, ndipo Toyota inatsetsereka n'kuzimirira m'nkhungu.

* * *

Luckson anali atakhala pa thumba la makala, mlomo utatupa. Anali bambo wa ana awiri, wodziwika phiri lonse kuti alendo ake sasochera.

"Sindinabe."

"Kabokosi kanalowa bwanji m'chikwama mwanu?"

"Sindikudziwa."

"Munali ndi a Kalinde m'mawa wonse?"

Luckson anayang'ana pansi. "Eya."

"Osasiyana ngakhale pang'ono?"

"Eya."

Sheila anatulutsa foni n'kukulitsa chithunzi chija ndi zala, akufuna kuona ngati chikwamacho chikuoneka. Chikwama sanachione. Anaona china. Pamwamba pa mitengo, kumbuyo kwa mitu ya anthu awiriwo, thanthwe la phiri linali kung'anima ndi dzuwa, thambo lili mbee. Anasuzumira pa kawindo. Kunja, ngakhale mtengo wa mapeyala wa pabwalo unkaoneka mwa apo ndi apo.

Anatembenukira kwa Luckson.

"A Luckson, lero dzuwa latuluka?"

"Dzuwa? Ndi chiperoni chimenechi?"

"Nanga ili ndi dzuwa la liti?"

Luckson anayang'anitsitsa chithunzicho. "Ichi n'chadzulo. Lero sanajambule chilichonse."

"Ndiye mukumubisira chiyani munthu amene wakuikani m'madzi? Kunjaku akufuna magazi anu!"

Bamboyo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Lamulo lathu ndi lakuti mlendo sasiyidwa yekha padziwe. Anthu amamira paja. Zikadziwika kuti ndinamusiya, andichotsa m'gulu. Ana anga adya chiyani?"

"Munamusiya?"

"Anati chivindikiro cha kamera chinagwera kumtunda dzulo, pamene tinapumira. Anandichonderera kuti ndikachifune, iye miyendo yatopa. Ndinasiya chikwama pathanthwe n'kukwera. Ndinafunafuna, osachipeza. Pobwera ndinamupeza ali wefuwefu, thukuta kamukamu. Anati amachita majowajowa kuti amve kutentha."

"Nthawi imene munachokayo, munthu angatsike kufika kuno n'kubwereranso?"

"Wothamanga, inde."

Sheila anatuluka ngati waponyedwa. Koma ali m'khonde anaima. Munthuyo amusecha kawiri konse. Ngati mtanda anatenga ndi iyeyo, anaubisa pati?

Kukhitchini kunamveka chiphokoso cha mbale.

* * *

"Ine ndiye ndatopa nazo! Aliyense angolowa m'khitchini muno ngati ndi pamsika!"

Anali mayi Janeti, ophika a panyumbapo, nsalu ili m'chiuno, mpeni uli m'manja. Ataona wapolisi sanachepetse mawu.

"Inu apolisi mwabwerera mtanda, koma taonani mpeni wangawu. Mpeni umenewu anandisiyira malemu mayi Agatha. Palibe amaugwira, ngakhale agogowo amachita kupempha. Ndapita kumsika kukagula nkhuku, pobwera ndaupeza uli m'sinki, nsonga yapindika ngati mlomo wa kadzidzi. Ndiye kumata kwake! Nyerere zachita kumanga mudzi."

"Kumata ndi chiyani, mayi?"

"Chinanazi! Tanunkhizani. Ine lero sindinasende chinanazi, alendo adya mapapaya. Komanso munthu wake ndi wodabwitsa. Wadya chinanazi osasiya makoko? M'bini ndapezamo kachidutswa ka m'kati kokha, ngati wachibowola kufuna kupanga mtondo. Ndiye timitengo totokosera m'mano tamwazikira pansi ponse. Ine ndizitolera zimenezo pa msinkhu wanga uno?"

Sheila anaima chilili. Nsonga yopindika: loko wa kabati. Chinanazi chobowola, chopanda makoko. Timitengo tolumikizira mutu wake kuti chioneke chathunthu.

"A Nampeya!" anakuwa. "Zinanazi zija munazigwira?"

Konsitabulo anatulukira pakhomo, maso ali tong'o. "Ndinangosuzumira m'jumbomo, madamu."

"Lizani galimoto!"

A Stoyan anali atafika m'khonde, akutsimphina. Sheila anawagwira mkono.

"Agogo, funso limodzi. Linga la Namwali ndi liti pa zithunzi zija?"

Nkhope ya nkhalambayo inasintha.

"Dzina limenelo mwalimva kuti? Pakhoma paja palibe. Ndi linga laling'ono la kuseri kwa mudzi, kumene amati mwana wamkazi wa mfumu anadziponya kuphompho pokana kugwidwa ndi adani. Mtanda unatoledwa kumeneko, inde, koma kuno sindinauzepo munthu. Alendo ndimangowauza kuti unachokera kulinga."

"Palibe pena pamene zinalembedwa?"

"Mwana wa mchemwali wanga analengeza pa intaneti mwezi watha, kuti mtanda wa ku Linga la Namwali uli ku Malawi ndipo ukubwerera kwawo. Koma analemba m'chiyankhulo chathu."

"Ine ndalimva kwa a Kalinde. Ndiye kuti alipo amene anawerenga, n'kutuma munthu."

A Stoyan anatsamira khoma. "Mayo ine. Luckson..."

"Musamutsegulire kaye mpaka tibwere!"

* * *

Pamphambano ya msewu waukulu, a Nampeya anaponda buleki pafupi ndi anyamata a kabaza amene anali atabisala pansi pa mtengo.

"Toyota yoyera, yadutsa posachedwapa. Yalowera ku Blantyre?"

"Ayi bwana, yakhotera uku! Inatsala pang'ono kutiwaza matope!"

Ankaloza njira ya ku Muloza, kumalire ndi Mozambique.

Galimoto inauluka. Minda ya tiyi inkadutsa mbali zonse ngati nsalu yobiriwira ikukokedwa, othyola tiyi atavala mapepala apulasitiki akutembenuka kuona chimene chikuthamangitsidwa. Sheila anaimbira anzake a pachipata cha malire n'kuwapatsa nambala ya galimoto.

"Sadzera pachipata ameneyo," anatero a Nampeya, maso ali pamsewu. "Lero ndi tsiku la msika. Asiya galimoto, alowa m'chigulu, awoloka mtsinje ndi amayi a matumba a chimanga. Akaponda tsidya lija, tamutaya."

"Ndiye pondani!"

"Ndaponda kale mpaka pansi, madamu!"

Anadutsa lole ya nthochi pakona, hutala ikulira, Sheila atagwira chitseko ndi manja awiri. Akuyandikira ku Muloza, nkhungu inayamba kung'ambika, dzuwa n'kutulukira.

Toyota anaipeza kuseri kwa sitolo ya zitsulo, injini ikadali yotentha. Zikwama zonse zinali momwemo. Jumbo ya zinanazi yokha ndiyo panalibe.

Msika unali utagwira moto. Njinga zosenza matumba, mawailesi akulira, ogulitsa nsalu akuitanira m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi. A Nampeya anafunsa amayi ena ogulitsa nyemba m'Chilomwe, ndipo onse analoza pamodzi kunjira yotsikira kumtsinje.

"Uyo!" Sheila anamuona. Jekete yachikopa, jumbo yabuluu m'manja, akukambirana ndi wanjinga.

Prince anatembenuka, maso awo anakumana. Anakankha wanjingayo n'kuliyatsa liwiro.

"Wakuba! Gwirani!"

Mawu amenewo pamsika sachedwa kubala. Anthu anatuluka m'mabenchi, ena atanyamula ndodo, wina akukuwa m'Chipwitikizi kuti "Espera! Espera!" kumuuza kuti aime. Prince anadumpha dengu la tomato, anagunda tebulo la usipa, n'kupeza njira ya kumtsinje yatsekedwa ndi ngolo. Anakhotera kumanzere, kumene kunali mulu waukulu wa zinanazi, wofika m'chiuno, wotalika ngati bedi la fodya. Sheila anaona dzanja lake likukwera. Jumbo inakhuthulidwa pamwamba pa muluwo, zinanazi n'kugubuduka kusakanikirana ndi zinzake.

A Nampeya anamugwera kumsana ngati thumba la simenti. Unyolo unalira.

Prince anadzuka akupuma movutikira, koma akumwetulira.

"Mwandigwira chifukwa chiyani, madamu? Kuthamanga ndi mlandu? Ndinaopa chigulu. Sechani. Muitanenso ndi loya wanga."

Mwini zinanazi, mayi wonenepa wovala chipewa chaudzu, anali atagwira kale m'chiuno. "Wina asayerekeze kundidulira katundu wanga! Ndachokera naye kutali!"

Sheila anayang'ana muluwo. Zinanazi mazana, zonse zofanana. Akayamba kudula chimodzichimodzi, dzuwa lilowa, ndipo m'chipwirikiti chotere china chikhoza kuyenda osaoneka.

"Aliyense abwerere m'mbuyo," anatero. "Musagwire kanthu. Tingodikira."

"Tidikire chiyani?" anafunsa a Nampeya.

Sheila anagwada pambali pa muluwo. Dzuwa linkawomba pa zipatsozo. Anthu ankasuzumira, osadziwa chimene akuonerera.

Njuchi imodzi inachoka pa tebulo la wogulitsa nzimbe. Inazungulira muluwo, n'kutera pa chinanazi china cha m'mbali, m'munsi mwenimweni mwa masamba ake. Inabwera yachiwiri. Kenako yachitatu, zonse pamzere umodzi, pamene madzi otsekemera ankatuluka.

Sheila anachinyamula, n'kugwira masambawo, n'kukoka. Mutu unazuka ndi timitengo take. M'kati munali kapepala kapulasitiki kokulungidwa bwino. Atakamasula, kamtanda kobiriwira kanagwera m'dzanja lake, munthu wojambulidwapo atatambasula manja.

Msika wonse unaphulika. Amayi analuluta, anyamata akuimba mluzu, mwini zinanazi akuvina ndi chipewa m'manja.

Kumwetulira kwa Prince kunali kutatha.

"Amene akukudikirani tsidya lija ndi ndani?" Sheila anamufunsa.

"Sindimudziwa dzina. Timangolemberana pafoni."

"Foniyo ndiye tiyamba nayo. A Nampeya, mulowetseni."

* * *

Pamene ankafika ku Likhubula, khamu lija linali likadalipo, koma nkhani inali itawatsogolera. Palibe amene ankakuwa. Amuna amene m'mawa ankafuna kuthyola chitseko anali ataima patali, akukanda pansi ndi zala za kumapazi.

A Stoyan analandira mtandawo ndi manja awiri. Anaupsompsona, misozi ikutsikira m'ndevu, n'kuupereka kwa mayi Janeti kuti awagwirire. Kenako anatulutsa kiyi n'kukatsegula okha chipinda cha katundu.

Luckson anatuluka akuphethira. Nkhalambayo inagwira ndodo ndi manja onse, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono mpaka mawondo anagunda simenti, anthu onse akuona.

"Mwana wanga, wandinyamulira alendo zaka zonsezi, sunanditayirepo ngakhale supuni. Lero ndakhulupirira mlendo wonunkhira, iwe n'kukutcha mbava. Ndakulakwira. Ndikhululukire."

Luckson anawayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso anzake aja, mmodzimmodzi, mpaka aliyense anagwetsa nkhope.

"Nanenso ndinalakwa, ndinasiya mlendo padziwe. Zimenezo ndikayankha kugulu," anatero. "Dzukani, agogo, simenti ikuzizira. Ine ndamva. Koma mayi anga ali kumtunda uko. Anthu anathamanga kukawauza kuti anabala wakuba, ndipo akuti chimvereni sanatuluke m'nyumba. Mawu mwanenawa, mukawanene pakhomo pawo."

"Ndi kutali, a Luckson," anatero Sheila. "Njira yake ndi yoterera. Tiwatengere pagalimoto."

"Galimoto sifika," anayankha Luckson.

A Stoyan anadzuka movutikira, n'kukana dzanja la a Nampeya. Anavala chipewa chawo.

"Tsogola," anatero.

Luckson anatsogola. Nkhalambayo inamutsata, ndodo ikulowa m'matope. Operekeza alendo aja anayang'anizana, kenako mmodzi anavula kapu yake n'kulowa m'njira, wina n'kumutsatira, mpaka pabwalo panatsala Sheila, a Nampeya ndi mayi Janeti okha, akuonerera mzere wa anthu ukukwera phiri mwakachetechete.